Matenda Awiri a Benedicto wa kwa Mavwere

Kwa Mavwere, munthu akafunsa kuti Benedicto Sakala ali kuti, yankho linkatengera nyengo. Ikakhala nthawi ya dzinja, ankakulozerani kumunda, ndipo munkamupezadi komweko, malaya atamanga m'chiuno, akupalira mtedza ngati munthu woti chibadwire sadaonepo msewu wa tala. Koma fodya akangochoka m'chigafa, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, funso lomwelo anthu ankangoliyankha ndi dzanja, kuloza kumadzulo kolowera ku Zambia, uku akuseka.

Adali munthu wamfupi, wojintcha, wampata pamano, ndipo akamalankhula ndi mnzake kumunda, a kudimba ankamva zonse. Mowa sankamwa. Za akazi sadamvekepo nazo. Zimenezi n'zimene zinkawazunguza anthu mutu, chifukwa mwamuna wosowasowa pakhomo amayenera kukhala ndi chifukwa chodziwika, choti amayi azikambirana kumjigo. Benedicto adalibe. Kwawo kwenikweni kudali pafupi ndi Kamwendo, ndipo kwa Mavwere adabwera chikamwini atakwatira Esitele Mbewe. Akazi anzake a Esitele ankamuseka.

"Nanga iwe, udatenga mwamuna wa pa Kamwendo, umati adzakhala pansi? Dzina lokhalo silidakuuze?"

Pa nthawi ya chipani chimodzi, Benedicto sankapita kutali. Panjira padali zambiri zofunsidwa: khadi, kalata, kumene ukupita, amene akukudziwa kumeneko. Ulendo wake waukulu udali woperekeza fodya ku okushoni ku Kanengo, ndipo anzake akamabwerera iye ankatsalira masiku angapo, kumangozungulira pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, kuwerenga mayina a malo olembedwa pamphumi pa mabasi. Ndiye kudabwera riferendamu, kudabwera chisankho cha 1994. Ena adakondwera kuti tsopano alankhula zakukhosi, ena kuti ayamba geni popanda wowaopseza. Benedicto adangoona chinthu chimodzi: msewu watseguka.

Esitele adaphunzira msanga kuzindikira matenda a ulendowo akamayamba. Poyamba mwamuna wake ankasiya kulongolola pakudya. Kenako ankatulutsa njinga, kuipukuta, kuithira mafuta, ngakhale kuti idalibe vuto lililonse. Mudzi wawo sudali kutali kwambiri ndi msewu waukulu, ndipo mphepo ikamachokera kumeneko, kulira kwa malole kunkamveka mpaka pakhonde. Benedicto ankaima nkhani ili pakati, khutu atatchera. Mapeto ake linkabwera funso lopanda mutu.

"Kodi amake Caro, Lusaka ndi Lilongwe, waukulu ndi uti?"

"Mukufunsa ine, ndidapitako?"

"Ayi, ndimangoganiza."

"Ganizani muli pompano."

Tsiku lina Benedicto adayesa kumufotokozera. Adati sikuti watopa ndi banja, kapena kuti apongozi amulakwira. Adati zokolola zikatha, denga la nyumba limakhala ngati latsika, mudzi wonse n'kuchepa ngati malaya a mwana. Akamva lole ikukwera mtunda, china chake chimamukoka pamchombo, ndipo amamva ngati kwinakwake anthu akuchita chinthu chachikulu, iye yekha ndiye sadaitanidwe. Esitele adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adamupatsa lichero la mtedza kuti asende, poti manja adali chabe.

Mwayi udabwera mu 1995. Ku boma kudali a Habibu, Msilamu wa golosale yaikulu, amene ankagula mtedza m'midzi n'kukagulitsa ku Lusaka pa lole yawo. Ankafuna munthu wamphamvu wokweza ndi kutsitsa matumba. Benedicto adapita kukagulitsa mtedza wake, n'kubwerako atalembedwa ntchito, ndipo pasanathe nthawi adali ndi kachikalata kodutsira pa boda. Adatsanzika bwinobwino, adasiya nkhokwe yodzaza, adalonjeza kuti abwerera ndi lole yomweyo.

Ulendo umenewo ankaukamba mpaka ukalamba. Adakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala, adakwera pamwamba pa matumba kuti aone dziko lonse. Adadutsa Mwami, Chipata, Katete, Petauke, akuimba nyimbo zonse za kwaya zimene ankadziwa, zitatha adayamba za kumaliro. Pa mlatho wa Luangwa adavula chipewa, osadziwa kuti akulemekeza ndani. Atafika ku Lusaka n'kutsitsa matumba, adayamba kukanda kumutu pamaso pa a Habibu.

"Bwana, inu tsogolani. Ine nditsaleko pang'ono, ndione mzindawu."

"Nanga akazi ako ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ndili bwino."

"Zimenezo ukanawauza wekha," adatero a Habibu, koma adamusonyeza munthu wa pa msika wa Soweto amene ankabwereketsa mawilibala.

Miyezi yoyambirira Benedicto adali ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Ankakankha wilibala ya tomato ndi kabichi m'matope a mumsika, akukuwa kuti anthu apatuke, ndipo chilichonse chinkamukoma: nyumba zosanja, sitima, anthu olankhula zinenero zosamveka mutu wake. Adaphunzira Chinyanja cha kumeneko, chodula mawu ngati munthu wothamangira basi. Akafunsidwa moni ankayankha kuti, "Nili che bwino," ndipo anzake ankamutchula kuti mudala. Za kumudzi ankazikumbukira ngati mmene munthu amakumbukirira sukulu imene adaphunzirako kale.

Kenako kudafika Okutobala. Masana ena kudachita mdima, kudagunda, ndipo madontho oyamba adagwa pafumbi. Fungo lija la dothi lonyowa lidamulowa m'mphuno ali pakati pa msewu ndi wilibala yodzaza anyezi. Adaima chilili. Galimoto zidaliza mahutala, wina adamutukwana, iye osamva. M'maso mwake mudali munda wa kwa Mavwere, mizere yosatha kuunga, ndi Esitele ali yekha ndi khasu.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chidasiya kukoma. Chodabwitsa n'chakuti sankalakalaka zinthu zazikulu. Ankalakalaka chitseko cha kunyumba chimene chinkalira potsegula, chimene chaka chonse ankati akonza. Ankalakalaka mango a kuseri kwa bafa, owawasa, amene ngakhale ana ankawasiya. Adafika mpaka polakalaka chifuwa cha apongozi ake aakazi, chimene chinkamudzutsa m'mawa uliwonse, pomwe ali kumudzi ankawathawa njira. Thupi lidayamba kutha, lamba adaboola bowo lina. Poganiza kuti ndi malungo adapita ku kiliniki, adamutenga magazi, adamuuza kuti alibe kanthu.

Amene adawatchula dzina matendawo adali mayi wina wa ku Petauke, wogulitsa zakudya pamsikapo. Adaona mbale ikubwerera ndi ndiwo zosakhudzidwa kachitatu konse, ndipo adaika manja m'chiuno.

"Imwe mudala, simudwala. Mwayewa che kumunzi."

"Kuyewa ndiye kutani?"

"Mtima wapita kunyumba, thupi yasala kuno."

"Kwathu timati kupukwa," adatero Benedicto, ndipo atangotchula liwulo misozi idatuluka yokha, bambo wamkulu ndithu, pakati pa anthu akudya.

Lole ya a Habibu itabweranso, idamupeza atakhala pa kachikwama kake, atadikira kuyambira dzulo lake. Ulendo wobwerera sadaimbe. Pa boda ya Mchinji adapereka moni kwa aliyense, wapolisi, osintha ndalama, mayi wogulitsa nthochi, ngati onse ndi abale ake. Adafika pakhomo ndi chitenje, poto wonyezimira ndi nsapato zapulasitiki za mwana wawo Caroline, zimene zidapezeka kuti ndi zazing'ono poti mwanayo adali atakula. Esitele adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lusaka ndi Lilongwe, waukulu ndi uti?"

"Amake Caro, musandifunse. Ine basi. Mwendo uwu sudzapondanso kunja."

Chaka chimenecho adalima ngati ng'ombe. Adakonza chitseko, adafolera khitchini, adakhala m'komiti ya tchalitchi. Koma Juni atafika, zokolola zitalowa, njinga idatulutsidwa panja n'kuyamba kupukutidwa.

Zidayenda choncho zaka zingapo. Adafika ku Kitwe, ku Tete, ku Tunduma, kamodzi mpaka ku Harare. Kulikonse nkhani idali imodzimodzi: miyezi ya chisangalalo, kenako kanthu kakang'ono kankamugwetsa. Ku Tete kadali kulira kwa njiwa. Ku Tunduma adamva munthu akutsutsa mtengo wa sopo m'Chichewa, adamulondola msika wonse mpaka adamukumbatira. Munthuyo adali wa ku Mulanje, dera limene Benedicto sadafikeko n'komwe, koma adakhala naye tsiku lonse akumutchula kuti achimwene. Akakhala kunja, pakamwa pake padali kwathu, kwathu: kwathu mtedza ndi waukulu ngati chala, kwathu madzi ndi okoma. Anzake a ku Soweto adamupatsa dzina loti Kwathu. Akabwera kumudzi nyimbo inkasintha: ku Lusaka sachita choncho, ku Lusaka buledi ndi wotere. Anyamata a pabwalo la mpira adamupatsa dzina loti a Kulusaka. Munthu mmodzi, mayina awiri, ndipo lililonse linkaloza kumene iye kulibe.

Achibale a Esitele adaitanitsa ankhoswe. Malume ake a Esitele, munthu wodekha, adafunsa mafunso mwadongosolo. Kodi amamenya? Ayi. Ali ndi mkazi wina? Sitidamvepo. Nkhokwe imakhala yopanda kanthu? Imadzaza. Nanga mlandu wake ndi wotani? Esitele adati mlandu ndi wakuti ali ndi mwamuna wa theka la chaka, ngati dimba. Anthu adaseka, Benedicto adapepesa ndi mtima wonse, ankhoswe adamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Iye adavomera kuti n'zoona, adavumbwapo kale. Chaka chimenecho adapita ku Ndola.

Zinthu zidatembenuka mu 2001. Mvula idagwa yosalekeza, chimanga chidachita chikasu m'madzi, ndipo zokolola zidali zochititsa manyazi. Mtedza wokha ndiwo udayesako. Pokatuta mtedzawo, ng'ombe zidadzidzimuka ndi njinga yamoto, ngolo idapendama, ndipo Benedicto adagwa n'kuthyoka mwendo pamwamba pa kakolo. Adabwera kuchokera kuchipatala cha ku boma ali ndi chikhakha choyera mpaka m'bondo, ndi lamulo loti akhale pansi.

Mavenda a pa Kamwendo ankagula mtedza pa mtengo wachipongwe chaka chimenecho. Ndiye kudabwera a Siti, mlamu wawo wa a Habibu, mayi wa geni ya zitenje amene ankadutsa boda ngati akupita kuseri kwa nyumba. Adauza Esitele kuti ku Chipata mtedza ukufunidwa, ndipo ngati akufuna atsagane nawo. Esitele, amene chibadwire sadapitirirepo pa boma, adangoti, "Chabwino."

Benedicto adadabwa, koma posakhalitsa adaona kuti mwayi wophunzitsa wafika. Adamukhazika pansi mkazi wake, mwendo atausanjika pa mpando, n'kuyamba kumulangiza ngati namwali.

"Mverani, amake Caro. Masiku oyamba mudzaona ngati zonse zili bwino. Musanyengedwe. Chimabwera mwakachetechete. Chakudya chidzakhala ngati utuchi. Mukadzafika pamenepo musadzaope, simukufa ayi. Mudzangopeza pokhala, mulire pang'ono, kenako mufunse basi yobwerera."

"Ndamva."

"Ndipo mukamva njiwa, tsekani makutu."

"Ndamva, abambo. Ufa uli mumtsuko waukulu. Mbuzi muziuza ana azimangirira kudambo."

Esitele adati akakhala masiku ochepa. Sabata idatha. Kudabwera uthenga ndi munthu wa minibasi wakuti mtedza wagulidwa wonse, ndipo iwo apitirira ku Lusaka ndi a Siti kukaoda zitenje.

Apa m'pamene Benedicto adadziwa kuti kunja kuno kuli matenda achitatu, amene iye sadawadwalepo koma adakhala akuwagawa kwa ena: kudikira. Ankakhala pakhonde ndi mwendo wake woyera, maso kunjira. Aliyense wotulukira pa mphambano ndi katundu pamutu adali Esitele mpaka atayandikira. Ankalota zoopsa masanasana: ngozi pa mapiri a ku Luangwa, akuba a pa Soweto amene iye ankawadziwa mayina. Caroline, amene tsopano adali mtsikana wa Sitandade 7, ndiye ankaphika, ndipo tsiku lina bambo ake atafunsa kachisanu ngati kwamveka galimoto, adayankha osatembenuka.

"Adadi, ingokhalani. Amabwera okha. Ife tidazolowera."

Mawu amenewo adamulasa kuposa fupa lothyoka.

Esitele adatulukira patapita pafupifupi mwezi, ali pa ngolo ya munthu wina, atakhalira chibelo cha zitenje ngati mfumukazi. Adali atanenepa, tsitsi atamanga la mesh, kumapazi kuli nsapato zatsopano. Adatsika akuseka, n'kupereka moni kwa mwamuna wake.

"Bwanji, mudala?"

Ana atagawiridwa masiwiti n'kubalalika, Benedicto adasendera pafupi, adatsitsa mawu ngati dokotala.

"Ndiye chidakugwirani liti?"

"Chiyani?"

"Kupukwa."

Esitele adaganiza moona mtima, maso ali kudenga.

"Sichidandigwire."

"Ngakhale pang'ono? Kudya mumadya?"

"Kwambiri. Kapenta wa kumeneko ndi wokoma."

"Tulo?"

"Ngati mwana. Tsiku lina ndidagona pa katoni pa siteshoni, a Siti adachita kundigwedeza."

Benedicto adakhumudwa zenizeni. "Ndiye kuti ife kuno simumatiganiza?"

"Ndimakuganizani. Ndikaona diresi ndimati ili limukwana Caro. Ndikaona ndodo yabwino ndimati iyi iwathandiza abambo, ndipo ndakugulirani, ili m'chikwamamo. Koma kuganiza munthu si kudwala. Mudzi uli ndi miyendo kuti ungathawe? Ndimadziwa kuti ndiupeza pomwe ndidausiya."

"Nanga ine chimandigwira bwanji?"

"Kaya. Mwina poti inu mumapita kukafuna malo oti mtima ukakhale pansi. Ine ndidapita kukagulitsa mtedza."

Nkhani imeneyi Benedicto adaitafuna masiku ambiri. Zaka zonsezi ankadziona ngati munthu wa msewu, wobadwira ulendo, ndipo mkazi wake ngati mtondo wa pakhomo. Tsopano zidaoneka kuti wodziwa kuyenda m'nyumbamo adali Esitele.

Njala ya 2002 itafika, midzi yambiri ya ku Mchinji idalira maliro, ndipo anthu adadya zinthu zimene sadaganizepo kuti n'zodyedwa. Pakhomo pa Benedicto padali pothina, koma moto sudazime. Esitele ankapita ndi zitenje, n'kubwera ndi kathumba ka ufa kapena gaga komwe wakapeza, ndipo kankagawidwa mpaka kwa apongozi ndi ana a achemwali ake. Palibenso amene adanena kanthu za mkazi woyendayenda.

Njala itadutsa, geni idakula, ndipo banjalo lidapeza kanyumba ka lendi ku boma kuti katundu azifikira pafupi. Kumudzi ankapita nthawi yolima. Mwendo wa Benedicto udapola mokhota pang'ono, moti kuyenda mtunda wautali kapena kusenza matumba kudamukanika, koma kupalasa njinga kunkatheka bwinobwino. Adaika khushoni yofiira pa kaliyala, adamangirira belu latsopano, n'kukaima pa boda pamodzi ndi anzake a kabaza, onyamula anthu panjinga.

Ntchitoyo idamuyanja. Aliyense wokwera adali wochokera kwina kapena wopita kwina, ndipo Benedicto ankawafunsa mafunso njira yonse: msewu wa ku Nyimba adaukonza? Pa Kapiri pakadali mayi uja wa mazira owiritsa? Ankayenda ndi makutu, madzulo n'kukagona kunyumba. Sikuti adachiriratu. Mu 2004 dalaivala wina wa thiraki adamukopa ndi nkhani za ku Nampula, ndipo adasowa miyezi iwiri, n'kubwera atawonda, ali ndi chipewa cha mlaza ndi mawu atatu a Chipwitikizi. Esitele sadakalipe, poti nayenso adali atangofika kumene kuchokera ku Nakonde.

Tsiku lina m'mawa, mu 2006, pa geti ya boda padatuluka nkhalamba yovala suti yakuda yothetheka m'mapewa, chipewa chozungulira, ndi sutikesi yomanga ndi chingwe. Idaima n'kumayang'ana uku ndi uku ngati yaiwala chimene yadzera. Benedicto adaiyandikira.

"Madala, tikupita kuti?"

Nkhalambayo idatchula mudzi wina wa kuseri kwa phiri, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chibemba. Dzina lawo adali a Timoteyo. Adachoka kwawo nthawi ya Chitaganya ali mnyamata, kupita ku migodi ya ku Kitwe, atauza mlongo wawo Ruth kuti akungofuna ndalama zogulira njinga, abwera chaka chamawa. Kumeneko adakwatira, adabereka, adapuma ntchito, mkazi adamwalira. Kwawo sadabwereko ngakhale kamodzi.

Njira yonse a Timoteyo adalongolola kumbuyo kwa Benedicto. Adati akafika aona mkuyu waukulu wa pachitsime, woti anthu anayi sangauzungulire ndi manja. Aona dambo limene ankadyetsako ng'ombe, lodzaza ndi nsenjere zotalika kuposa munthu. Zaka zonse za pansi pa nthaka, adatero, akatseka maso ankaona zimenezo.

Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, mawu adayamba kuchepa. Dambo lidalipo, koma lonse lidali madimba a tomato. Pomwe adati pali nkhalango padali sukulu ndi chigayo. Atatulukira pa chitunda n'kuona madenga a malata akunyezimira, a Timoteyo adamenya Benedicto pamsana.

"Imani. Si kuno."

"Mudzi mwatchula uja ndi umenewu, madala."

"Mkuyu uli kuti? Ayi, tabwererani. Ndikakwere galimoto ya ku Chipata isanachoke."

Benedicto adatsika, adatsamiritsa njinga pa mtengo wa mthethe, n'kuthyola nzimbe imene adasungira nkhomaliro. Adapatsa nkhalambayo mbali yofewa. Adakhala pansi onse awiri, maso ali kumudziko.

"Mwana wanga," adatero a Timoteyo patapita nthawi, "ku Kitwe zinthu zikandivuta ndinkati palibe kanthu, ine ndili ndi kwathu. Ndikalowa m'mudzi umu n'kupeza kuti palibe ondidziwa, ndiye kuti ndatsala wopanda kwathu konse. Bola ndibwerere ndi kwathu kwa mumtimaku."

"Ine sindidachokepo nthawi yaitali ngati inu," adayankha Benedicto, "koma kubwerera ndabwerera kambiri. Tsiku loyamba limakhumudwitsa nthawi zonse. Nyumba imakhala yaifupi kuposa mmene mumaionera muli kutali, ndipo anthu amakhala ali ndi zochita zawo. Koma mawa lake wina amakutumani kuti mukamuitanire mwana, kapena mugwireko mbuzi, basi mwaiwala kuti ndinu mlendo. Khalani pompa, ndikafunse kumjigo uko. Akati kulibe aliyense, tibwerera, sindikukakamizani."

Kumjigo amayi sadachedwe kuyankha. Agogo a Ruth? Alipo, nyumba ya njerwa zosawotcha iyo, pafupi ndi khola la nkhunda. Benedicto atabwera ndi uthengawo, a Timoteyo adaimirira, adakonza chipewa, adakhalanso pansi, kenako adaimiriranso. Adakana kukwera. Adati alowa ndi miyendo yawo, ndipo Benedicto adawatsatira pambuyo akukankha njinga ndi sutikesi.

A Ruth adali pamkeka akutongola chimanga, mayi wowonda, wa maso akuthwa. Adayang'ana mlendo wa sutiyo nthawi yaitali. A Timoteyo adavula chipewa. Mayiyo adayang'ana nkhope, adayang'ana makutu, kenako maso adapita pa njinga ya Benedicto ndi khushoni yake yofiira.

"Timoteyo," adatero, "njinga udapita kukagula ija ndi imeneyi?"

Atatero adataya chitsononkho, adakuwa mfuu imene idatulutsa mudzi wonse m'nyumba, n'kumugwira mlongo wawo m'khosi, uku akulira, uku akumumenya timakofi pamsana. Adamuuza mayina a onse amene adamwalira akumufunsa, adamuuzanso kuti wakalamba moipa. Nkhuku idaphedwa. Benedicto adati athawe, koma adamugwira malaya, ndipo adachoka dzuwa litapendeka, mimba ili ndendende, pa kaliyala atamumangirira dzungu.

Miyezi ingapo pambuyo pake, Benedicto ali pa siteji yake pa boda, adaona chipewa chozungulira chikutsika m'minibasi. A Timoteyo adali atanenepako, suti atasiya, atavala malaya a maluwa.

"Madala! Kwagwanji? Akuthamangitsani?"

"Ayi, akundisunga ngati dzira. Ndamangitsa kale kanyumba." Adayang'ana pansi mwamanyazi. "Koma adzukulu anga a ku Kitwe aja, mwana wanga. Kuli kamodzi kamanditchula kuti shikulu, ndiye kuti agogo, kamandibera shuga m'kapu. Masiku ano ndikangomva mwana akuseka, chakudya sichikulowa. Ndikangowaona, ndibweranso. Tiyeni limodzi, mukaone mmene Kitwe yasinthira."

Benedicto adatembenuka. Adayang'ana kupyola geti, kumene mataksi a ku Chipata adali pamzere, zitseko zili pululu, oitanira akukuwa. Adayang'ana kwa nthawi yaitali ndithu.

"Lero ayi, madala. Mayi akunyumba akufika masana ano ndi mabelo awiri, andiuza kuti ndiwadikire pompano."

Adawanyamulira sutikesi mpaka pa geti, adawathandiza kukwera, ndipo adaimika dzanja mpaka taksi idakhota. Atatembenuka adapeza mayi wina ataima pafupi ndi njinga yake, ali ndi dengu la nkhuku zitatu, akufunsa ngati angamufikitse ku boma msika usanathe.

"Kwerani, mayi," adatero Benedicto, akukonza khushoni. "Mwachokera kuti?"